Anandilemba Kuti Ndilibe Munda

Chamama,
3 Okutobala 2024

Olive,

Wandivula pakati pa anthu, mwana wanga. Moni ndikupatsa kumapeto ngati mtima ukhale utatsika.

Dzana anzako a bungwe loyeza umphawi aja anabweranso, iwe palibe. Anatisonkhanitsa pabwalo la mpira, mudzi wonse, n'kunena kuti makomo onse tinawayendera, tsopano titchula amene ali pansi penipeni, inu muzivomereza ngati n'zoona. Ine ndinavala jekete langa lopitira ku okushoni ya fodya n'kukhala kutsogolo, poti ndimati ntchito ya mwana wanga ndiionere pafupi. Anatchula mayi wosaona uja wa kutsidya kwa dambo, anthu n'kuvomera. Anatchula Feliya, amene mwamuna wake anathawira ku Joni, anthu n'kuvomera. Kenako ndangomva: "A Kalekeni Chisale. Amadya kamodzi patsiku. Amadalira ganyu. Pakhomo palibe wa mphamvu zolima. Munda alibe."

Munda ndilibe ine, Olive?

Wina kumbuyo anatsokomola. Ndiye atsibweni ako a Lucious, mlongo wa malemu amayi ako, ndi amene anayamba kukweza mawu: "N'zoona zimenezo!" Enawo n'kutsatira. Ndinanyamula mpando wanga n'kumapita.

Za ganyu ankadziwa ndani pamudzi pano? Ndinkapita kutali, kupitirira msika, kukapalira kwa munthu amene kale anali tenanti wanga, ndipo pobwerera khasu ndinkalisiya patchire kuti anthu aziti ndachokera kocheza. Ndinauza munthu mmodzi yekha, ndiwe.

Tsiku lija unabwera ndi anzako pagalimoto mu Ogasiti, ndinapha tambala wotsala yekhayo, poti mwana wanga wabwera ndi alendo. Anzako anamwazikira m'makomo, iwe unakhala nane m'nyumba, kachipangizo kagalasi kaja kali pamiyendo. Unandifunsa kuti dzulo ndinadya chiyani, chimanga chinatha liti, ndikadwala amanditungira madzi ndani. Chimwalirire amayi ako palibe anandifunsapo zotere. Ndinati lero mwana wanga wandikumbukira, n'kukhuthula zonse. Chala chako chinkangogunda pagalasipo, ine n'kumati ana a masiku ano ndi mmene amamvetserera.

Ndiye unafunsa kuti, "Muli ndi munda wanuwanu?" Ndinayankha monga ayankhira mkamwini aliyense woleredwa bwino: "Munda ndi wa amayi ako." Unkafuna nditi chiyani? Munthu wobwera kudzakwatira pamudzi pa eni angaloze nthaka n'kunena kuti yanga? Unakulira pano, ukudziwa. Amenewo ndi mawu aulemu, si okalengeza pabwalo la mpira.

Sukulu sindinapondeko, koma ndikudziwa kuti cholembedwa chimafufutika. Fufuta dzina langa. Thandizo lawolo apatse Feliya, ali ndi ana.

Kuno kwatentha, anthu ali pakalikiliki kuthirira nazale za fodya. Mdzukulu wanga Tithokoze umupatse moni. Wako ubwera ukandiyankha.

Ndine bambo ako,
Kalekeni

Wolemba ndine Khamisi wa pagolosale. Ndinati ndingokuimbira foni, bambo ako akana, ati mawu a pafoni amauluka, akufuna oti ukawagwire m'manja. Andiwerengetsa kalatayi mobwereza kuopa kuti ndathiramo shuga. Sindinathiremo. Ndangosiya mawu ena amene munthu wopita kumzikiti sangalembe.

Mchesi, Lilongwe,
10 Okutobala 2024

Ababa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo. Kuno tili bwino. Tithokoze akuti moni agogo, dzino lakutsogolo laguluka.

Kalata yanu ndinaiwerengera kuntchito, mpaka ndinatuluka panja kuti anzanga asandione nkhope. Zoti akatchula zifukwa pagulu sindinkadziwa, Ababa. Ife anatiuza kuti akatchula maina okha. Pamenepo ndagwada, pepani.

Koma zoti ndinakupusitsani, ayi. Ndisanayambe ndinanena kuti, "Ababa, zimene muyankhe ndizilemba." Inu munati, "Lemba, lemba, ndiwe wasukulu," maso ali kwa mayi woyandikana nanu amene ankasosola tambala. Ndipo chabodza sindinalembepo. Lamba wanu ndinamuona, mwaboola mabowo atsopano ndi msomali. M'nkhokwe ndinasuzumiramo: chimanga pamwamba pokha, pansi ponse mapesi. Odutsa m'njira munawanamiza, ine ayi.

Za munda, makina aja alibe malo a mawu aulemu. Pali "inde" ndi "ayi" basi. Ndinakhala kanthawi chala chili m'mwamba. Ndikanagunda "inde", munda waukulu ngati uja ukanakukwezani, thandizo n'kukudumphani. Ndinagunda "ayi" ndikudziwa chimene ndikuchita. Chinanso, kuntchito salola munthu kulemba m'bale wake. Nyumba yanu anapatsa mnzanga kuti ailembe, ine n'kumupempha kuti tisinthane, chifukwa mlendo mukanamuuza kuti mumadya katatu, ndi nyama yomwe.

Ntchito yangayi ndi ya nyengo, ikatha yatha. Ndekha sindingakwanitse kukudyetsani mpaka kukolola, mmene chaka chino mvula inadukira muja. Kodi manyazi a tsiku limodzi n'ngowawa kuposa njala ya mu Febuluwale? Amayi ndinawataya, ndisatayenso inu chifukwa cha jekete la ku okushoni.

Ndatumiza thumba la chimanga pa minibasi, likatsikira kwa a Khamisi. N'chamakolo chimene mumachikonda chija, ndachigula kwa mayi wina wa ku Dowa. Mukagayitse, mudye. Atsibweni ndawaimbira, ndawapempha kuti akuthandizeni za kumunda chaka chino poti msana ukukuvutani. Avomera ndi mtima wonse.

Mundiyankhe, ngakhale mondikalipira.

Mwana wanu,
Olive

Chamama,
25 Okutobala 2024

Olive,

Moni. Ndakupatsa, usamati ndine wouma mtima.

Kalata yako inakhala pashelefu ya a Khamisi pakati pa sopo ndi machesi, ine ndikukana kuti andiwerengere. Ndikanadziwa zili m'menemo ndikanafulumira, chifukwa pamene ine ndinkanyanyala, atsibweni ako sanagone.

Thandizo unawapempha lija ndi ili. Lolemba ndili kumunda ndikusosa, ndangoona akubwera ndi munthu wa njinga yamoto, mmodzi wa olima fodya wambiri aja amabwereka minda ya anthu. Anyamula chingwe ndi zikhomo. Ayamba kuyeza kuchokera pachulu mpaka pamtengo wa muwanga, ine ndili pomwepo ngati chitsa.

Ndati, "Alamu, mwataya chiyani m'munda muno?"

Ati, "Alamu, pumulani, ntchito munagwira. Olive wandiimbira yekha kuti ndikulandireni khasu."

Ndati, "Khasu lake liti? Ili lili m'manja mwangali?"

Ati, "Nanga si munanena nokha kuti munda mulibe? Mudzi wonse unamva. Mphamvu mulibe, zinawerengedwa pabwalo. Ife tisiye nthaka ya mlongo wathu imere tsekera?"

Wanjinga uja n'kuseka, ati, "Madala, zaulere zikayamba kubwera muzingokhala pamthunzi."

Madala, ine. M'munda mwa mkazi wanga.

Pamene ndinkabwera kudzakwatira amayi ako, pamalo pamenepo panali thengo lokhalokha, Luciousyo ali mwana wa mamina. Agogo ako anandilozera ndi ndodo, ati mkamwini, tikuoneni. Zitsa ndinazula ndekha, amayi ako Lefina akuotcha m'mbuyo mwanga. Fodya woyamba tinasokera pansi pa muwanga womwewo, chigafa ndisanamange. Yunifolomu yako yoyamba, fizi ya ku sekondale, ndi chala chimene unagundira "ayi" chija, zonse zinatuluka m'mizere imeneyo.

Ndipo sizinathere pa munda. Ukudziwa kuti mkazi akamwalira, a kuchikazi amamusudzula mkamwini, amamumasula kuti abwerere kwawo. Amayi ako atamwalira, akuluakulu a pano anati a Kalekeni asiyeni, akulima, ndi mzati wathu. Ndinkakhala chifukwa ndinkalima. Tsopano a Lucious akuti mwambo unatsala uja autsirize. Kwathu ku Ntchisi ndikapeza ndani? Amene ankandidziwa onse anagona. Kuno ndikaweramuka pamzere ndimaona mitengo ya kumanda kumene kuli amayi ako, ndimawauza mmene mbewu zikuyendera.

Wati manyazi a tsiku limodzi. Njala yanga unaiyeza bwino, sindikutsutsa, lamba ndinaboola ndine. Koma chimene chinkandisunga pamudzi pano sunachiyeze, ndipo n'chimene wandichotsera. Poyamba ndi chala, kachiwiri ndi foni.

Chimanga chafika, sindinachikhudze. Aimbire atsibweni ako achotse zikhomo zawo.

Bambo ako,
Kalekeni

Khamisi pano. Thumba lili kuseri kwa kauntala, makoswe anga akulithokoza. Bambo ako amamwa tiyi wanga pokhapokha ndikalumbira kuti watsala ndipo ndimutaya. Ndiye masiku ano tiyi akutsala tsiku lililonse, mkazi wanga Sabiha akudabwa.

Chamama,
30 Okutobala 2024

Wokondedwa Olive, mbumba yanga,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Kuno tonse tili bwino, kupatula alamu, bambo ako, amene ukalamba wayamba kuwalankhulitsa paokha.

Ndathokoza chifukwa cha foni ija. Unaonetsa kuti ndiwe mwana woganiza. Monga unapempha, nkhani ya munda ndaisenza. Ndapeza munthu wodalirika woti aubwereke zaka zingapo, alimemo fodya wa kontilakiti. Gawo lako lizikupeza, nanenso kangachepe ka thukuta langa, poti woyang'anira mbumba ndine. Alamu sataya kanthu. Thandizo mwawalembetsa lija liziwapeza kulikonse angakhale.

Usamve zonena anthu kuti tikuthamangitsa munthu. Alamu tinawasunga chimwalirire mlongo wanga, sitinawerengere. Koma anzako ophunzira anayeza, n'kupeza kuti pakhomopo palibe wolima ndipo munda si wawo. Ife osaphunzira tingatsutse? Mawa akadzagwa m'nyumba muja ali okha, a kwawo adzati tinawagwiritsa ntchito mpaka kufa osawamasula. Mlandu umenewo sindiufuna.

Choncho takhala pansi ndi akuluakulu, tagwirizana kuti mwambo wosudzula uchitike Loweruka pa 23 Novembala, kuti wobwereka uja apeze munda uli womasuka mvula ikamagwa, awokere fodya wake nthawi yabwino. Iwe usavutike n'kubwera, tikudziwa ntchito za m'tauni. Ungotumiza kangachepe ka shuga ndi ndiwo za alendo, tiwaperekeze alamu mwaulemu.

Ndine tsibweni wako,
Lucious

Mchinji,
8 Novembala 2024

Ababa,

Moni. Atitumiza kuno ku Mchinji kudzalemba midzi ina, ndiye kalata yanu ndi ya atsibweni zinakhala ku Mchesi mpaka mnzanga wandibweretsera dzulo, zonse pamodzi.

Ababa, ine ndinati akuthandizeni. Ndimaganiza za kukupezerani anyamata okweza mizere. Za kubwereketsa munda sizinatuluke pakamwa panga, za kusudzula ndiye sindinazilote n'komwe. Ndawaimbira atsibweni kukana zonsezo. Andiyankha mozizira kuti nkhani za mbumba sakambira pafoni, wofuna kulankhula amakhala pamphasa. Ndati nanga ija munaimva bwanji pafoni pomwepo? Adula.

Za kufufuta dzina ndafunsa mozungulira. Akuti zimene mudzi unavomereza sizisintha mpaka kalembera wina. Njira ina ndi yoti ndikanene kuti ndinalemba molakwa, koma akafufuza apeza kuti ndinalemba bambo anga, ntchito n'kuthera pomwepo, ndipo sadzanditenganso. Tithokoze ndimudyetsa chiyani? Kuchoka kuno pakati pa ntchito nakonso salola, amene wachoka amalowetsapo wina. Timaliza mu Disembala. Tapirirani mpaka nthawi imeneyo, ndibwera ndidzakonze zonse. Apempheni akuluakulu asunthe tsikulo.

Ndinkafuna mudye, Ababa, basi. Kuno ndikamafunsa azigogo funso la munda lija mawu amandithera.

Chimanga chija mwagayitsa? Mundiuze zoona.

Mwana wanu,
Olive

Chamama,
17 Novembala 2024

Olive,

Moni, mwana wanga. Lero kutchalitchi sindinapite, ndabwera kwa a Khamisi, iwo Lamulungu amatsegula.

Wafunsa za chimanga, ndipo wati ndinene zoona. Sindinagayitse. Ndabzala.

Tsiku ndinamva kalata yako ndinasenza thumbalo pamutu, a Khamisi akukuwa kumbuyo kuti dikirani kabaza. Ndinakhala pakhonde n'kusankha maso abwino okhaokha, monga ankachitira amayi ako. Zikhomo za atsibweni ako ndinazula, ndinakaziunjika bwinobwino pakhomo pawo, sindine wakuba. Mizere ndinali nditakweza kale mbali ya kumtunda, ndatsiriza yotsalayo kuchokera pachulu mpaka pamuwanga. Msana unalira, ndinaumva, koma ndinapitiriza. Feliya podutsa anaima n'kundiyang'ana, ati, "Agogo, si inu aja anati mulibe mphamvu?" Ndati, "Pita ukawauze abwere ndi kagalasi kawo." Ndiye ndabzala m'fumbi momwemo, mvula isanagwe.

Ukudziwa chifukwa chake. Pamudzi pano munda umene muli mbewu salanda, amadikira wobzala akolole. A Lucious atamva anathamangira kwa akuluakulu, ati mbewu yosamera si mbewu, n'chimanga chotayidwa pansi. Akuluakulu anapotokola makosi, n'kugamula kuti chikamera lisanafike Loweruka, ndikhala mpaka kukolola. Chikapanda kumera, mwambo uchitika. Kusuntha tsiku akana, ati chimera cha mowa wa mwambowo chanyikidwa kale. Ndiye m'mawa uliwonse ine ndi atsibweni ako timayang'ana kumwamba, wina akupempha, wina akuletsa. Mitambo ikumabwera masana, n'kupita ku Zambia.

Anzako anabweranso kudzajambula oti alandire thandizo. Sindinapite. Ndikanaima pamzere umenewo, ndikanavomereza ndi nkhope yanga kuti ndatha. Usandilirire, zotsala posankha mbewu zija ndikukazinga, ndipo tiyi wa a Khamisi akutsalabe modabwitsa.

Tsopano tchera khutu. Wati ukavomera kuti unalakwitsa akuchotsa ntchito. Sindikukupempha zimenezo. Ndaganiza ndili pamzere, ndapeza kuti sunalakwitse. Munda si wanga, ndinanena ndekha. Si wa a Lucious, mwamuna salowa munda wa mlongo wake mwana wamkazi alipo. Unali wa agogo ako, n'kukhala wa Lefina, tsopano ndi wako, mawa wa Tithokoze. Akuluakulu omwewo anena kuti mwini wake atakhala pamphasa n'kunena ndi pakamwa pake kuti mundawu sindibwereketsa, akulima ndi bambo anga, ndipo bambo anga sachoka, nkhani yathera pomwepo. Atsibweni ako akudziwa zimenezi, n'chifukwa anakuuza kuti usavutike n'kubwera.

Unapeza njira yosinthana ndi mnzako kuti udzandilembe. Peza njira yosinthana naye kuti udzandiombole. Ngati salola, akuchotse, udzalima kuno, munda uli nawo. Disembala wakoyo adzandipeza ku Ntchisi, pakhonde la anthu osandidziwa, ndipo pamuwanga padzakhala fodya wa munthu wonditcha madala.

Shuga usatumize. Chimanga china usatumize. Kalata ina usalembe, a Khamisi ndawauza kuti ikabwera asandiwerengere.

Mvula sindingailamule, Olive. Iwe ndinakubala. Lachisanu ukwere minibasi, ugone m'nyumba ya amayi ako, Loweruka m'mawa ukakhale pamphasa paja unene kuti mundawo ndi wa yani.

Ndine bambo ako,
Kalekeni